Sutikesi Yomanga ndi Chitenje

Sutikesi ya amayi a Mtendere inafika kunyumba ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, masiku asanu mtembo usanafike. Anaiika pakona m'chipinda chawo chogona, yomanga ndi chitenje chobiriwira, mfundo ziwiri pamwamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowamo ankailambalala ngati galu wolusa ali mtulo. Mtendere ankaiona m'mawa uliwonse popita kubafa. Pachogwirira panali padakali kapepala ka ndege ya ku Luxor, ndipo m'matayala munali mchenga wa ku Ejipito, wofiirira ngati gaga.

Ulendowo unali wake. Amayi Scholastica, nesi wa zaka makumi awiri pantchito, anaukonza chaka chatha kuti akasangalale ndi mwana wawo wamwamunayu akamaliza maphunziro a zamankhwala. Koma Mtendere anasiya sukulu chaka chachitatu chili pakati, n'kuyamba ganyu yolongedza makatoni. Malo ake paulendowo anatenga Anti Dorica, mnzawo wa amayi ake wa ku Derby. Tsiku lonyamuka Mtendere sanatsike kukatsanzika. Anangomva matayala a sutikesi akugunda masitepe, kenaka mawu a amayi ake pakhomo: "Ndiwo zili mufiriji, bwana dokotala."

Iye anakhalabe m'chipinda mwake. Mawu ena ochokera kwa iwo sanadzawamvenso.

Tsopano linali Lachiwiri. Lachisanu mtembo ndi sutikesi zinali zoti zikwere ndege ya ku Lilongwe, ndipo zikakafika ku Dedza dothi likatseka zonse.

Mtendere anapeza a Dunstan kukhitchini akusita malaya akuda. A Dunstan anali mwamuna wachiwiri wa amayi ake, zaka zinayi m'banja, wosamalira okalamba panyumba yomweyo imene amayi ake anali nesi wamkulu. Mtendere anali asanawatchulepo kuti bambo.

"Ankolo, ndiuzeninso za tsiku lija."

"Kachitatu, Mtendere?" Anaimika simbi bwinobwino. "Chabwino. Wolira samugwira pakamwa. Lachinayi limenelo ndinadzuka folo koloko kukakwera baluni, zija zimauluka pamwamba pa manda a mafumu dzuwa likamatuluka. Mayi ako anakana, ankaopa m'mwamba. Ndinawasiya ali mtulo. Tinakumana naini koloko pachipata cha mandawo. Tinalowa m'manda amodzi, kutsika, kutsika, kotentha ngati mu uvuni. Kenaka anakhala pansi, n'kugona. Shuga, mwana wanga. Shuga ndi dzuwa."

"Jakisoni anabaya m'mawa umenewo?"

"Ndingadziwe bwanji? Ine ndinali kumwamba. Ndipo ukuwadziwa mayi ako, insulini wawo sankalola munthu wina kumukhudza."

"Nanga kabuku kawo kali kuti?"

Simbi inatera pamalaya n'kukhala pomwepo.

Kabukuko aliyense m'nyumbamo ankakadziwa. Kanali kofiira, kokwana m'thumba. Amayi Scholastica akabaya jakisoni ankalembamo nthawi, mulingo wa shuga, mayunitsi a mankhwala, ndipo kumapeto zilembo za dzina la wobayayo, monga amachitira muwodi. Kakadzaza ankagula kena, kofiira komwe. Mtendere ali mwana ankawaseka kuti akusainira thupi lawo lomwe. Iwo ankangoti, "Chosalembedwa sichinachitike."

"Kanatayika kuchipatala cha kumeneko, mwina," anatero a Dunstan.

"Kapena kali musutikesi."

A Dunstan anatembenuka. Nkhope yawo yosalala ija, yolandirira alendo a pamaliro, inali itachoka.

"Sutikesi ija sitsegulidwa kuno. Akatsegula atsibweni ako ndi amayi ako aakulu ku Dedza, maliro akatha, akandisudzula. Katundu wa malemu sapisamo chisawawa. Kwathu mwamuna wina anatsegula bokosi la mkazi wake manda asanaume, anatupa miyendo mpaka khungu kung'ambika. Ndinamuona ndi maso angawa. Usayerekeze."

Mtendere anali atamva mabodza ambiri kwa munthu ameneyu, ndipo ankawadziwa kakomedwe kake. Awa sanali mabodza. A Dunstan ankaopadi.

Fungo la nsalu yopserera linadzaza khitchini.

* * *

Anti Dorica ankakhala ku Normanton, dera la mu Derby, m'kanyumba kopanikizana ndi zinzake, pamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma ndi ufa. Mtendere anawapeza atangoweruka shifiti, mapazi ali m'beseni la madzi otentha, yunifolomu asanavule.

"Aigupto, mwanawe," anayamba asanafunsidwe n'komwe. "Ine ndinkayesa Aigupto ali m'Baibulo mokha, pakati pa Genesis ndi Levitiko. Ndiye kutsika ndege, ndikupeza anyamata akugulitsa mayunitsi a foni. Mtsinje wa Nailo, umene Mose anayandamamo, mabotolo a pulasitiki ali mbwee. Koma mayi ako anavula nsapato, kuponda madzi aja, misozi chuu. Pamsika kumatiitana kuti alongo athu a ku Nubia, iye kumanenerera mitengo ngati ali mu Limbe. Wogulitsa wina mpaka anagwira mutu. Anakugulira kanthu, koma sindikuuza."

"Anti..."

"Tadikira. Kukachisi wa Karnak kuli nsanamira zamiyala, anthu khumi kugwirana manja osaizungulira imodzi. Ndipo paliponse zolemba, mbalame, maso, njoka, kuyambira pansi mpaka kumwamba. Mayi ako anayang'ana, anayang'ana, n'kuti, 'Dorica, anthu awa akanakhala manesi abwino. Sankasiya kanthu kosalemba.'"

Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa, chifuwa n'kusanduka kulira. Mtendere anadikira. Pawindo basi inadutsa, magalasi ananjenjemera.

"Anti, ankagwirizana ndi ankolo kumeneko?"

Anti Dorica anatulutsa phazi limodzi m'madzi, n'kulibwezeramo.

"Za m'banja la eni sindilowerera ine."

"Eni akewo mmodzi ali mufiriji ku Leicester."

"Pakamwa pako, iwe." Anayang'ana kuchitseko ngati kuli munthu. "Lachiwiri madzulo tinakwera bwato la thanga pamtsinje. Ine ndinakhala kutsogolo, ndinatsinzina, iwo ankayesa ndagona. Ndinamva mayi ako akuti, 'Nkhalamba ija inagwa pashifiti yako, Dunstan, inagona pansi mpaka m'mawa, ndipo wina anasintha zolemba. Yamwalira. Tikabwerera ndikanena, ngakhale ndiwe mwamuna wanga.' A Dunstan sanakweze mawu. Anangoti, 'Tione kaye dzuwa likulowa, Schola.'"

"Kenaka?"

"Lachitatu magalasi a mayi ako anasowa. Tinafuna pena paliponse, pansi pa bedi, kubafa. Popanda magalasi ukudziwa, mbuzi ankaiona ngati galu. Lachinayi tinali oti tinyamuke kupita ku Aswan masana, ndiye masutikesi tinalongedza m'mawa n'kuwasiya pansi pahotela. Pachipata cha manda mayi ako anati, 'Ndikumva njala yachilendo.' Thukuta lili kamukamu. Anapisa m'chikwama kufuna maswiti, munalibe. Scholastica wopanda switi m'chikwama, iwe unamuonapo? Zaka zonsezi?"

"Ayi."

"A Dunstan anati tilowe kaye, tidya potuluka, basi sidikira. Ine mawondo angawa anakana masitepe, ndinatsala pamthunzi. Ndikanatsika nawo, mwanawe. Ndikanatsika." Anapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu. "Kuchipatala, mayi ako akupumabe, ndinaona a Dunstan atakhuthula chikwama chawo cham'manja pabenchi. Kupisa m'matumba onse, mpaka kung'amba kansalu kam'kati. Ndinati mukufuna chiyani? Akuti pasipoti. Pasipoti ili m'dzanja lawo lamanzere."

"Sutikesi anamanga ndani?"

"Ine. Atangotsirizika ndinabwerera kuhotela, ndinavula chitenje changa, ndinamanga. Ndi mwambo. A Dunstan atafika anaima patali, anaiyang'ana nthawi yaitali, koma sanaikhudze. Ngakhale pabwalo la ndege ndinkakoka ndine, ndi mawondo angawa."

"Baluni anakweradi?"

"Anationetsa chithunzi, chinsalu chachikulu chamawangamawanga." Anakwinya nkhope. "Chili pansi, koma, chisanauluke. Tapatse foni yangayo. Muli nambala ya Muaaz, amene ankatiyendetsa. Iye anatsika nawo m'mandamo."

* * *

Mtendere anaimba foni ali pasiteshoni ya sitima ku Derby, atakhala pabenchi lozizira, mvula yowaza ikugwera panjanji. Pafoni panaoneka bambo wa imvi m'ndevu, kumbuyo kwake khoma loyera ndi kuwala koboola m'maso. Ankalankhula Chingerezi pang'onopang'ono, ngati akuyala mawu patebulo kuti mlendo asankhe.

"Ndinu mwana wa Mayi Scholastica. Mulungu awachitire chifundo. Maso anu ndi awo. Ndakhala ndikuyendetsa alendo zaka makumi atatu, ambiri amajambula osayang'ana. Mayi anu ankayang'ana. Tsiku loyamba anandifunsa chifukwa chimene mafumu athu ankaikidwa m'manda ndi mipando, nsapato, mitsuko. Ndinati ankakhulupirira kuti akazifuna kutsogoloko, koma akuba anatsegula pafupifupi manda onse. Iwo anaseka. Anati, 'Kwathu sitikumba phiri. Timangomanga kansalu, mantha ndiwo amalondera.'"

Mtendere anati, "Ndiuzeni za m'mandamo."

"Ndi njira yaitali yotsika, ngati kum'mero kwa phiri. Kudenga kuli nyenyezi zachikasu pa utoto wabuluu, zaka zikwi zitatu koma ngati zapakidwa dzulo. Mayi anu sanazione. Ankayenda ngati woledzera, akugwira khoma, mawu akukokeka. Tisanafike pansi anakhala pamasitepe. Bambo anga anali ndi matenda omwewo, ndiye ndinadziwa. Ndinathamanga kukwera, ine nkhalamba, ndinagula chakumwa chotsekemera kwa mlonda, ndinatsika nacho. Mayi anu anatambasula dzanja."

"Anamwa?"

"Amuna awo anandigwira mkono. Anati, 'Mukufuna kumupha? Shuga wakwera, osati kutsika. Ine ndine wazachipatala, ndamuyeza ndekha m'mawa uno.' Ndinamvera. Mwamuna wake, wazachipatala, ine ndani? Botolo lija ndinaliika pansi. Ndimaliona mpaka lero."

Sitima ina inadutsa osaima, mphepo yake inamenya Mtendere kumaso.

"Bambo Muaaz, sakanawayeza m'mawa umenewo. Anachoka folo koloko kukakwera baluni."

Bamboyo anayandikitsa nkhope pafoni.

"Lachinayi limenelo? Mwana wanga, tsiku limenelo sipanauluke baluni ngakhale imodzi. Kunali mphepo yochokera kuchipululu. Msuweni wanga Qasim ndiye amayendetsa galimoto ya okwera baluni. Anawabweza onse kuhotela sikisi koloko isanakwane."

* * *

Anafika ku Beaumont Leys cha m'ma folo masana. Nyimbo inkamveka kuchokera pamalo oimika magalimoto. Azimayi a kutchalitchi ndi a kuntchito anali atadzaza pabalaza, mipando atatulutsa, atakhala pansi miyendo yotambasula, zitenje pamwamba pa mayunifolomu. Ena anachokera ku Oadby, ena ku Nottingham, ena anali oti alowa shifiti yausiku akachoka pano. Anti Dorica nawo anali atafika pagalimoto ya mnzawo, atatsamira khoma. Anamuyang'ana, iye anayang'ana kumbali. Mawu a a Dunstan ankamveka kukhitchini, akuthokoza abambo ena chifukwa chobwera.

Mtendere anavula nsapato n'kukwera masitepe.

M'chipinda munali mdima wa makatani otseka. Anagwada patsogolo pa sutikesi. Ankadziyesa munthu wosakhulupirira zimenezi, munthu amene anawerengapo mabuku a mmene thupi limatupira ndi chifukwa chake. Komabe zala zake zinazizira zitakhudza chitenje chija, ndipo anamva miyendo yake ikulemera.

"Amayi, ndine," ananong'ona. "Sindinatsike tsiku lija. Ndatsika lero."

Mfundo yoyamba inamasuka mosavuta. Yachiwiri anachita kuluma ndi mano.

Fungo lawo ndilo linayamba kutuluka, mafuta odzola aja a koko ndi sopo wa kuchipatala. Anatseka maso mpaka linamupyola. Madiresi anali opindidwa mwa kapindidwe kawo, ngodya zofanana ngati bedi la muwodi. Pamwamba panali kaphukusi ka nyuzipepala ya zilembo za Chiarabu. Mkati munali kachiboliboli kamwala wakuda, munthu atakhala chopinda miyendo, mpukutu uli pamaondo, akulemba. Pansi pake anamatapo kapepala: Wa bwana dokotala. Sukulu sithawa.

Anakaika m'thumba la malaya msangamsanga, chifukwa akanakayang'ananso sakanatha kupitiriza.

Kabuku kofiira kanali m'thumba la zipi la chivundikiro, pamodzi ndi kolona.

Anatsegula chakumapeto. Mizere inali yowongoka tsiku ndi tsiku: nthawi, shuga, mayunitsi khumi ndi anayi, S.M. Ku Leicester S.M., m'ndege S.M., ku Luxor S.M. Tsamba lomaliza lokha ndilo linali ndi zilembo zikuluzikulu zokhotakhota, za munthu wolemba osaona. Nthawi: 06:40. Shuga: 6.1, wabwinobwino. Pa mayunitsi panali chizindikiro chofunsa. Ndipo pamalo a wobaya, pamene zaka zonsezi pankakhala S.M., panali chilembo china. D.

M'munsi mwake analemba m'Chichewa, chinenero chimene ankasungira kupemphera ndi kukalipa.

Magalasi palibe, wandibaya Dunstan. Peni yobayira insulini ndi yake, akuti yanga yatha. Pozungulitsa kuti aike mulingo ndawerenga kulira kwake, kwapyola makumi anayi. Akuti yatsopanoyi imawerenga mosiyana. Ndidya switi panjira. Ambuye, ndisamuganizire zoipa mwamuna wanga.

Mtendere anasiya sukulu, koma osati asanaphunzire chimene mayunitsi makumi anayi amachita m'thupi la munthu wozolowera khumi ndi anayi, pamimba popanda kanthu, padzuwa la ku Luxor.

"Watsegula."

A Dunstan anali pakhomo. Sanalowe. Zala za kumapazi kwawo zinalekeza pamzere pomwe kapeti ya m'chipinda imayambira, ndipo maso awo sanali pa Mtendere koma pa sutikesi yoyasamayo, ndi chitenje chili pansi.

"Mwana wopanda mwambo. Utupa iwe. Ufa imfa yoipa."

"Mwina," anatero Mtendere, akuimirira. "Munaganiza bwino, ankolo. Ku Dedza amayi aakulu akanagawana madiresi, kabukuka akanayatsira moto. Manambala a Chingerezi, ndani akanawerenga? Munali ndi masabata awiri, chipinda chanu chomwe, usiku uliwonse. Kubaya munatha. Kumasula mfundo ziwiri kunakukanikani."

"Bweretsa kuno."

"Lowani mudzatenge."

A Dunstan anakweza phazi. Linakhala m'malere. Mtendere anawerama, anatola chitenje chija n'kuchigwira patsogolo pake, ndipo atayandikira pakhomo bambo wamkuluyo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma la pakhonde, manja atawabisa kumbuyo kuti nsaluyo isawakhudze.

Mtendere anatsika masitepe osathamanga.

Pabalaza nyimbo inali pakati, azimayi akuyankhana mawu apamwamba ndi apansi. Anadutsa pakati pa miyendo yawo, chinthu chimene mwamuna sachita pamaliro, ndipo ena anamuyang'ana mokwiya. Anagwada patsogolo pa Anti Dorica, anaika chitenje pamiyendo yawo, kabuku pamwamba, chotsegula.

Anti Dorica anaona chitenje chawo, anagwira pakamwa. Kenaka anavala magalasi. Anawerenga kamodzi, milomo ikuyenda. Sanalire. Anapatsira mayi wa kumanja kwawo, nesi wa muwodi ya odwala impso. Uyo anawerenga, anasiya kuimba, anapatsira mnzake. Mtendere anakweza maso n'kuwerenga mitu. M'chipindamo munali manesi khumi ndi anayi ndi osamalira okalamba asanu ndi mmodzi, anthu amene tsiku lililonse amawerenga mizere yotereyi asanamwe n'komwe tiyi.

Kabuku kankayenda, nyimbo inkachepa. Mawu apamwamba anayamba kutha, kenaka apakati. Pomaliza anatsala mayi mmodzi pakona, akuimba yekha maso ali chitsinzinire, mpaka wina anamugwira bondo. Mtsikana wina pafupi ndi windo anali atatulutsa kale foni, akufunsa motsitsa mawu nambala ya nyumba kuti auze apolisi.

A Dunstan anali ataima pakati pa masitepe, dzanja pachogwirira. Chitseko chakunja chinali kuseri kwa azimayi onsewo, ndipo palibe amene anapinda miyendo kuti apereke njira.

Womaliza kuwerenga anali Sisitala Mumtaz, mayi wachikulire wa ku Mangochi amene anaphunzitsa theka la anthu a m'chipindamo kagwiridwe ka jakisoni. Anatseka kabuku, anakagwira ndi manja awiri, n'kufunsa ndi mawu ake a muwodi, aja ofunsira polandirana shifiti, osakweza, osanjenjemera.

"A Dunstan, apa pa mayunitsi sipanalembedwe. Munabaya angati?"